Kaundula Woyenera Zofukulidwa m'Nthaka

Mzinda wa Mzuzu ndi wa dzulodzuloli pakati pa malo okhalamo anthu kumpoto kuno, pakuti unayamba kumera m'chaka cha 1947 pamene kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tung, ndipo ulemu wotchedwa mzinda unaulandira m'chaka cha 1985. Komatu iwo amene amapita kukafunsa nthaka za anthu amene anakhalako zaka zikwizikwi zapitazo, kaya ku phiri la Hora m'boma la Mzimba, kaya ku phanga la Fingira pa Nyika, kaya kutsika chitunda cha Chiweta kulunjika ku Karonga, kawirikawiri mapazi awo amadutsa muno, ndipo mabokosi awo a miyala, mapale ndi mafupa amadutsanso muno pobwerera. Ine sindine wofukula zamakedzana. Ntchito imene ndakalamba nayo ndi yokonza makaundula a pakompyuta, aja anzathu amati database, a masukulu, a masitolo ndi a timagulu ta alimi a khofi. Koma pamene ndinayamba kuwerenga za ntchito ya ofukulawa, ndi kucheza ndi achinyamata amene anaigwirako, ndinaona kuti palibe kaundula wovuta kukonza, ndiponso palibe wofunika kumukonza ndi mantha aakulu, kuposa amene amalembedwamo zotuluka m'nthaka.

Chifukwa chake n'chakuti wofukula amawononga chimene akuwerenga. Mlembi wa sitolo akalakwitsa chiwerengero cha matumba a shuga, amabwerera m'nyumba yosungiramo katundu n'kukawerenganso. Koma munthu amene wapala myalo wa phulusa m'phanga, nausefa, nauthira kunja, sadzaupezanso monga unagonera, ngakhale atalira ndi kusala kudya. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Chimene chimatsala ndi zolembedwa zokha: kuti kamwala aka kanali pakuya kwakuti, pansi pa makala awa, pambali pa fupa ili, ndipo anakatola ndi uje tsiku lakuti. Zolembedwazo zikasokonekera, ndiye kuti kamwalako kasanduka mwala wamba wonga uliwonse wa m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa, ndipo anthu amene anakasema afa kachiwiri, popeza umboni wokhawo umene anatisiyira watsekedwa pakamwa.

Tsono funso limene landivutitsa mtima ndi ili: kodi munthu angakonze bwanji malo olembamo zinthu zimene sanazionepo, ndi mayankho a mafunso amene sanabadwe? Nkhani ya phiri la Hora imaonetsa kulemera kwa funsoli koposa mawu anga onse. M'chaka cha 1950, a J. Desmond Clark, amene pa nthawiyo ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone, anafukula m'phanga la m'tsinde mwa phirilo napeza mafupa a anthu awiri. M'buku lawo simukanakhala danga lolembamo za DNA, pakuti ngakhale maonekedwe a DNA anadziwika patapita zaka zitatu, mu 1953. Koma mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa a ku Hora, a ku Fingira ndi a ku Chencherere ku Dedza, ndipo zinadziwika kuti mayi wina wa ku Hora anakhalako zaka pafupifupi 8,100 zapitazo, ndi kuti alenje ndi otola zipatso a m'dziko muno anali pa ubale ndi Asan a kummwera kwa Afrika ndiponso Ahadza a ku Tanzania. Gulu lotsogozedwa ndi a Jessica Thompson, pamodzi ndi akatswiri a boma oona za zinthu zakale monga a Potiphar Kaliba, linabwereranso ku Hora kuyambira mu 2016, ndipo mu 2022 kunamveka za makanda awiri a m'phanga lomwelo amene anaikidwa zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo. Ndipo monga ngati zimenezo sizinakwane, kumayambiriro kwa 2026 anaulula kuti pamalo pomwepo panali mulu waukulu wa phulusa pamene anthu anawotcherapo mtembo wa mayi wina zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, chinthu chimene panalibe anachiyembekeza pakati pa alenje a nthawi imeneyo. Akadakhala kuti kaundula wawo amalola mawu awiri okha, akuti "manda" ndi akuti "pophikira", kodi phulusa limeneli likanalembedwa pati?

Njira imene aliyense amayamba nayo ndi ya tebulo limodzi lalikulu, monga la Excel, lokhala ndi mizere yopingasa ya zinthu zopezeka ndi mizere yoimirira ya mbiri yake: utali, kulemera, mtundu, kuya kwake. Tebulo lotere limakoma masiku oyamba, pamene zonse zotuluka ndi timiyala tosemedwa. Koma tsiku limene mutuluka mkanda wa chigoba cha nkhono, pafunika danga la kukula kwa bowo lake, ndipo likatuluka phale pafunika danga la zokongoletsa za pamlomo pake, likatuluka fupa pafunika la mtundu wa nyama ndi la zipsera za mpeni, kufikira tebulo lija litatambalala ngati dambo, madanga ambiri ali pululu, ndipo wolemba wotopa ndi dzuwa akungoponya chilichonse chachilendo m'danga la "zina". M'danga limenelo ndi mmene mumakwiririka zinthu zamtengo wapatali koposa, pakuti chimene sichinayembekezeke ndicho chimene chikanatiphunzitsa chatsopano.

Nzeru yoyamba yothetsera vutoli inachokera kwa a Edgar Codd, amene mu 1970 analongosola kuti chidziwitso chigawidwe m'matebulo ang'onoang'ono, lililonse la mtundu umodzi wa zinthu, ndipo matebulowo azilumikizana ndi manambala. Chotero malo ofukulapo amakhala ndi tebulo lawo, maenje lawo, miyalo ya dothi lawo, matumba lawo, zithunzi lawo, anthu ogwira ntchito lawo. Ndipo kamwala kalikonse kamanyamula nambala imene imaloza thumba lake, thumba limaloza myalo, myalo umaloza dzenje, dzenje limaloza phanga. Nzeru yachiwiri inachokera kwa wofukula, a Edward Harris, amene mu 1973 ku Winchester anakonza njira yojambulira ubale wa miyalo ya nthaka, kuti uwu uli pamwamba pa uwo, uwu unadulidwa ndi dzenje lakuti, uwu ndi umodzi ndi uja wa tsidya lina la chipupa. Ubale umenewu ndiwo msana wa nkhani yonse, chifukwa ndiwo umanena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Choncho uyenera kulembedwa paokha, ubale uliwonse pamzere wake, osati kubisika m'ndemanga ya m'mphepete.

Apa ndi pamene ndinafika pa chikhulupiriro chimene ndikufuna kuchiika pamaso pa owerenga. Kaundula wa zofukulidwa akhale wouma khosi pa zinthu zinayi zokha, ndizo nambala ya chinthu, malo amene chinagona, tsiku ndi dzina la amene anachitola. Pa zimenezi asalole danga lopanda kanthu, asalole nambala imodzi kupatsidwa kawiri, ndipo nambala ikaperekedwa isadzasinthidwenso mpaka kalekale. Koma pa funso lakuti chinthucho n'chiyani, chinali cha ntchito yanji, ndi cha nthawi iti, kaundulayo akhale wofatsa ndi wodzichepetsa, wokonzeka kulandira mayankho ambiri ngakhale otsutsana. Zili ngati nkhokwe ya kumudzi, imene miyendo yake ndi phaka lake zimayenera kukhala za mitengo yosafumbwa, pamene nsungwi zolukira mukhoza kuziwonjezera chaka chimene chimanga chachuluka. Amisiri a makompyuta amachita zimenezi polemba chonena chilichonse pamzere wakewake: chinthu chakuti, mbali imene ikunenedwa, chimene chaonedwa, wonena wake, tsiku, ndi muyeso wa kutsimikiza kwake. Mtundu watsopano wa chinthu ukatuluka, sipafunika kugumula tebulo. Amangowonjezera mawu atsopano pa mndandanda wa mbali zololedwa.

Njira imeneyi si loto la munthu wokhala pa mpando ku Katoto ayi, pakuti inayesedwa m'dziko mwathu momwemuno. Akatswiri a ku Australia anayamba mu 2012 kukonza pulogalamu yotchedwa FAIMS, yolembera zofukulidwa pa matabuleti ndi mafoni a Android ngakhale kumalo kopanda intaneti, ndipo limodzi la magulu oyambirira kuigwiritsa ntchito linali lija linkafufuza za nyengo yapakati ya zida zamiyala ku Karonga, lotsogozedwa ndi a Thompson omwewo. Chimene chimandikondweretsa pa pulogalamuyi n'chakuti pa yankho lililonse imapereka mpata wolemba ndemanga ndi wonena kuti wolembayo akutsimikiza motani, ndiponso siifafaniza zakale munthu akakonza chimene analemba, koma imasunga zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la wokonzayo. Mlembi wabwino wa bwalo la mfumu amadziwa mwambo umenewu: sang'amba tsamba, amangolemba pansi pake kuti mlandu unaonedwanso ndipo chigamulo chinasintha.

Kufunika kosafafaniza kumaonekera bwino pa nkhani ya njovu ya kwa Mwanganda ku Karonga. M'zaka za 1965 ndi 1966 a Clark anafukula kumeneko mafupa a njovu ali pamodzi ndi zida zamiyala, ndipo malowo anatchuka pa dziko lonse monga pamene anthu akale anasendera njovu. Patapita zaka, katswiri wa miyala wa kuno kwathu, a Zefe Kaufulu, anaunikanso dothi la pamalowo, ndipo mu 2014 gulu lina litayezanso miyalo yake linakayikira ngati njovuyo ndi zidazo zinafikadi pamenepo pa nthawi imodzi ndi pa chifukwa chimodzi. A Clark sananame; ananena chimene maso ndi zipangizo za nthawi yawo zinawaonetsa, ndipo otsatira awo anatha kuwatsutsa chifukwa chakuti iwo analemba mosamala pamene chinthu chilichonse chinagona. Kaundula amene akanalemba mawu akuti "posendera njovu" monga dzina losasinthika la malowo akanamanga m'ndende maganizo a mibadwo yonse yotsatira. Koma amene amalemba kuti awa ndi maganizo a uje a chaka chakuti amasiya khomo lotseguka, ndipo amalemekeza woyambayo ndi womutsatira yemwe.

Komabe ndikanakhala mboni yonama ndikanati kufewa kwa kaundula kulibe zoopsa zake. Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za mbiri yakale ndipo ankathandiza kulemba mapale otoledwa m'minda ya m'chigwa cha Kasitu, anandifunsa tsiku lina kuti, "Amalume, ngati aliyense ali ndi ufulu wowonjezera mawu ake, nanga tidzawerenga bwanji kuti mapale a mtundu umodzi ndi angati, popeza wina alemba phale, wina chibade, wina mphika wosweka?" Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, wafunsa funso la munthu wamkulu. Ufulu wowonjezera mawu usakhale wa aliyense pa nthawi iliyonse, koma mawu atsopano azilowa gulu lonse litakhala pansi madzulo n'kugwirizana, ndipo tanthauzo lake lilembedwe." Pakuti ngakhale m'mabuku a akatswiri, mtundu wa mbiya zakale za kumpoto kuno zimene a Keith Robinson anazifotokoza umalembedwa pena Mwavarambo pena Mwabulambo, ndipo kompyuta, imene ilibe nzeru za kuzindikira, imaona mitundu iwiri pamene pali umodzi. Mankhwala ake ndi mndandanda wa mawu ogwirizana, mmene liwu limodzi limasankhidwa kukhala lotsogolera, ena onse n'kulembedwa pansi pake monga abale ake. M'mera mpoyamba: gulu limene silinagwirizane za mawu lisanalowe m'dzenje lidzathera miyezi yambiri likukonza zimene likanazipewa pa tsiku limodzi.

Palinso tinthu tina tooneka tating'ono timene wokonza kaundula sayenera kutinyoza. Danga lopanda kanthu limatha kunena zinthu zitatu zosiyana, kuti sitinayang'ane, kuti tinayang'ana koma sitinapeze, kapena kuti funsolo silikukhudza chinthuchi. Ndipo wodzawerenga zaka makumi asanu zikubwerazi sadzatha kusiyanitsa ngati sitimuuza. Zaka zoyezedwa ndi njira ya radiocarbon, imene a Willard Libby anaiyambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ziyenera kusungidwa monga zinatulukira ku labotale, pamodzi ndi nambala ya labotaleyo, padera ndi zaka zomasuliridwa pa kalendala, chifukwa muyeso womasulirawo umakonzedwanso nthawi ndi nthawi, monga anachitira mu 2013 ndi mu 2020. Malo nawo ali ndi msampha wake: mapu akale a boma lathu anayezedwa potsata muyeso wa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni imatsata WGS 84, ndipo manambala ofanana pa miyeso iwiriyi saloza malo amodzi, kotero kuti munthu wofuna phanga laling'ono m'nkhalango ya Viphya akhoza kulizungulira tsiku lonse osaliona, ngati kaundula sananene muyeso umene unatsatidwa.

Koma chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima wanga ndi malo a mawu a eni dziko. Phiri la Hora si la alenje akale okha. Ndi phiri limene Atumbuka amalikumbukira chifukwa cha Baza Dokowe ndi anthu ake amene anaukira Angoni cha m'ma 1880, ndiponso ndi pamene Angoni a kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa amasonkhana mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Umthetho. Gogo amene amalondolera ofukula ku phanga amadziwa dzina lake la m'Chitumbuka, amadziwa kumene madzi amayenda dzinja, amadziwa chaka chimene anthu anakumbapo manyowa a mileme, ndipo zonsezi zimathandiza kumasulira chifukwa chimene miyalo ina inasokonekera. M'makaundula ambiri mawu otere alibe pokhala. Amathera m'kabuku ka m'thumba la mlendo, ndipo amawoloka nyanja osabwereranso. A Yusuf Juwayeyi, pofukula ku Mankhamba ndi kulemba buku lawo la mu 2020 lonena za chiyambi cha Achewa, anaonetsa kuti zofukulidwa ndi mbiri yapakamwa zimaunikirana. Chotero kaundula woyenera akhale ndi mpata wa mayina onse a malo amodzi, m'chinenero chimene ananenedwera, ndi wa umboni wa mkulu wa m'mudzi wolembedwa ndi ulemu wofanana ndi wa pulofesa, dzina lake likhalepo ngati iye walola. Mnyamata wa m'mudzi amene diso lake linaona kamkanda m'sefa alembedwenso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo tikudziwa kuti chibwano chotchuka cha munthu wakalekale cha ku Uraha, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimene gulu la a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage linalengeza, chinatoledwa mu 1991 ndi Mmalawi, a Tyson Msiska.

Ulemu womwewo umafuna kuti kaundula adziwenso kutseka pakamwa. Si zonse zoyenera kuonedwa ndi aliyense. Malo enieni a manda, zithunzi za mafupa a anthu, ndi mapanga amene ali ndi zojambula zosalimba monga a ku Chongoni, kumene kuli malo 127 amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2006, zikaikidwa poyera popanda mpanda zimaitana akuba ndi owononga. Wokonza kaundula aike makomo osiyanasiyana, lina la mwana wa sukulu, lina la wofufuza, lina la boma ndi mafumu, ndipo funso lakuti ndani alowe pati ligamulidwe pamodzi ndi eni malo, osati ndi mmisiri yekha.

Chotsiriza ndi funso la kumene kaundulayo adzagone. Lamulo la dziko lathu loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaika zofukulidwa m'manja mwa boma, ndipo n'koyenera kutero; koma bokosi la miyala limene latsala m'Malawi pamene zolembedwa zake zili pa kompyuta ya kutsidya la nyanja ndi chuma chimene mwini wake sangathe kuchiwerenga. Mayiko ena anamanga mosungira zolembedwa zotere, monga Archaeology Data Service ya ku York imene inayamba mu 1996, ndipo pali muyeso wa dziko lonse wotchedwa CIDOC CRM, umene unavomerezedwa mu 2006, wothandiza kuti makaundula a magulu osiyana azimvana. Ife amene timadziwa kuzimazima kwa magetsi, kudula kwa intaneti ndi chinyontho cha Mzuzu chimene chimadya mapepala ndi makina omwe, tiyenera kufuna kuti ntchito iliyonse ikatha, zolembedwa zake zisiyidwe muno m'mafayilo osavuta monga a CSV, amene kompyuta iliyonse ingawatsegule popanda kulipira, pamodzi ndi buku lomasulira tanthauzo la danga lililonse, ndi kope la papepala, ndipo makopewo asungidwe m'nyumba zingapo zotalikirana.

Muno mu Mzuzu muli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya chigawo cha kumpoto, ndipo ku Luwinga kuli Yunivesite ya Mzuzu, imene inakhazikitsidwa mu 1997, kumene ena amaphunzira za mbiri, ena za makompyuta, ena za kasungidwe ka mabuku ndi zolembedwa. Pempho langa kwa aphunzitsi awo ndi lakuti ana amenewa azikumanitsidwa pa ntchito imodzi akadali pa sukulu, kuti wa makompyuta akaime m'dzenje aone mmene dothi limakanira kulowa m'madanga ake, ndipo wa mbiri akhale pa makina aone mtengo wa liwu limodzi lolembedwa mosasamala. Alendo amene amabwera kudzafukula abweretsa zabwino zambiri, ndipo tiwalandire ndi manja awiri. Koma iwo amakhala nyengo yachilimwe n'kubwerera kwawo, pamene kusunga, kukonza ndi kuwonjezera kaundula ndi ntchito ya chaka chonse ndi ya mibadwo, imene singagwiridwe ndi wina koma ife okhala pafupi ndi mapiriwa. Tikaphunzitsa ana athu kuigwira, tsiku limene kudzabwere njira yatsopano yoyezera, monga inabwerera ya DNA, wofunsa funso latsopanolo adzatha kukhala mwana wa ku Ekwendeni kapena wa ku Chibavi, ndipo yankho lake adzalipeza kwawo.